Funsani dokotala: ma app a pafoni angaletse mutu waching'alang'ala?

Funso: Adokotala, mutu waching'alang'ala ukundizunza, umagwira mbali imodzi kenako nseru, kuwala osafuna kukuona, pamwezi mwina kasanu. Ndamva kuti kuli ma app ndi tizipangizo tomata pachipumi toletsa mutuwu, ndi zoona kapena akungofuna ndalama zathu?

Yankho: Zilipodi mayi, kungoti anthu amaziphatikiza zonse ngati chinthu chimodzi. Ma app ambiri, monga Migraine Buddy, ntchito yake ndi kulemba basi, tsiku lomwe mutu wayamba, watenga maola angati, munagona bwanji, munadumpha chakudya kapena ayi, munali kumwezi kapena ayi, mwamwa mapilisi angati. Sachiza ayi, koma ineyo ndimawakonda kwambiri chifukwa wodwala akabwera ndikamufunsa kuti mwezi wathawu mutu unakupwetekani masiku angati amangoti pafupipafupi, ndiye pafupipafupiyo ine ndiyambira pati? Mukalemba miyezi iwiri itatu zinthu zimaonekera zokha, ena amapeza kuti ndi tsiku lomwe agona mochedwa, amayi ambiri amapeza kuti ndi masiku awiri msambo usanayambe. Ngakhale kope ndi bolopeni zimagwira ntchito yomweyi, foni imangoposa pokukumbutsani.

Ma app ena amaphunzitsa kupuma mwakachetechete, kumasula minofu ya m'khosi ndi m'mapewa, kuchepetsa nkhawa. Njira zimenezi madokotala ankaphunzitsa kale mafoni asanabwere ndipo zimathandizadi ena, bola muzichita tsiku ndi tsiku, osati mlungu umodzi kenako app ija yaiwalika. Mu 2025 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza app yotchedwa CT-132 ya kampani ya Click Therapeutics, imeneyo amachita kukulemberani dokotala ndipo mumaigwiritsa ntchito pamodzi ndi mankhwala anu, osati m'malo mwake.

Tizipangizo tija tilipo. Cefaly mumamata pachipumi mphindi 20 tsiku lililonse, kamatumiza magetsi ochepa kwambiri ku mtsempha waukulu wa kumaso, FDA inakavomereza mu 2014. Nerivio mumamanga pamkono chakumtunda nkumakayendetsa ndi foni, mphindi 45, kulumpha tsiku limodzi. Ena masiku a mutu amachepa, ena sasintha kanthu, ndipo ngati muli ndi kachipangizo ka magetsi kothandiza mtima komwe anakuikani m'thupi musayerekeze. Cholinga cha tizipangizoti nchoti masiku a mutu achepe ndi theka, ndipo timaweruza pakatha miyezi itatu. Wina akakuuzani kuti chake chimathetseratu mutu waching'alang'ala, ameneyo ndi wamalonda.

Kasanu pamwezi ndi kokwanira kuti mukambirane ndi dokotala za mankhwala oteteza monga propranolol, amitriptyline kapena topiramate. Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna mimba munene, topiramate imatha kuvulaza mwana m'mimba.

Funso: Ine ndimangomwa paracetamol pafupifupi tsiku lililonse koma mutu ukungowonjezeka, app ingandithandize dokotala?

Yankho: Achimwene apa vuto likhoza kukhala mapilisi omwewo. Kumwa paracetamol kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, kumabweretsa mutu wake wina, kwa sumatriptan (mankhwala a mutu waching'alang'ala) ndi mankhwala okhala ndi codeine malire ake ndi masiku 10 okha. App ikuthandizani kuwerenga masikuwo, anthu amadabwa akaona nambala yake, koma kusiya mapilisiwo mukonze ndi dokotala chifukwa masiku oyamba mutu umavuta kwambiri usanayambe kuchepa.

Funso: Kuyang'ana foniyo sikuyambitsanso mutu?

Yankho: Kwa ena eya, makamaka mumdima usiku. Chepetsani kuwala, lembani mwachidule, ndipo mutu ukagwira ikani foni pambali mudzalemba ukatha. Koma mutu wobwera mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa kale lonse, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kufooka mbali imodzi kapena kulephera kulankhula, kapena woyamba kumene mutadutsa zaka 50, umenewo si wa app, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Amayi omwe mumaona zong'anima m'maso mutu usanayambe, muwauze anesi a zakulera, mapilisi olera okhala ndi mahomoni a estrogen amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, akupatsani njira ina.