Funsani Dokotala: Makapisozi a pagolosale ndi mankhwala amene asiya kugwira ntchito

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka zitatu anadwala chimfine ndi chifuwa. Kuchipatala anamuyeza malungo koma sanawapeze, ndipo anangondipatsa panado n'kundiuza kuti ndizimumwetsa madzi ambiri. Sindinakhutire, choncho ndinagula makapisozi a amoxicillin pagolosale, ndipo patatha masiku ochepa mwanayo anachira. Kodi kuchipatalako sanandimane mankhwala?
Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, amene anamuona mwana wanu anachita bwino, ndipo sanakumaneni kanthu. Chimfine chimayambitsidwa ndi mavairasi, pomwe amoxicillin, Bactrim, doxycycline ndi mankhwala ena a m'gulu limeneli amapha mabakiteriya, osati mavairasi. Chimfine chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena masiku khumi, ngakhale kuti chifuwa chimatha kutsalira kwa sabata zina ziwiri, kotero mwanayo akanachirabe popanda makapisoziwo.

Izi sizikutanthauza kuti makapisoziwo anangodutsa m'thupi osachita kanthu. M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa iwo ndi othandiza. Mankhwalawa akalowa amapha mabakiteriya ofooka, koma ochepa amene ali ndi njira yodzitetezera amapulumuka, amapeza malo ndi chakudya zomwe anzawo asiya, n'kuyamba kuswana. Ena mwa iwo amathanso kupatsira mabakiteriya a mtundu wina mphamvu yomweyo yopirira mankhwala. Akatuluka m'chimbudzi amafika m'manja, m'madzi akumwa ndi m'chakudya, ndipo tsiku limene adzalowe m'magazi a khanda kapena m'chikhodzodzo cha agogo, mankhwala amene tinkawadalira amakhala atatha mphamvu pa iwo.

Kuno kwathu umboni wa zimenezi ulipo. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, akatswiri a bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi kuyambira mu 1998. Zotsatira zomwe anatulutsa mu 2017 zinaonetsa kuti mu 2003, mabakiteriya otchedwa Klebsiella pafupifupi 12 pa 100 alionse ndi amene ankapirira mankhwala a mtundu wa ceftriaxone, koma pofika mu 2016 anali atakwana 90 pa 100 alionse. Ceftriaxone ndi jakisoni amene timathamangira wodwala akafika ali kayakaya, ndipo Klebsiella ndi mmodzi mwa mabakiteriya amene amapha makanda obadwa kumene. Mankhwala amene angalowe m'malo mwake ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka kawirikawiri m'zipatala za m'maboma.

Pali nthawi zina pamene mwana wa chifuwa amafunikiradi amoxicillin, makamaka akadwala chibayo. Mwana wa msinkhu wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma maulendo 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi ali phee, nthiti zikamalowa mkati popuma, akamakana kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akalefuka kwambiri kapena akakomoka, mubwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale munali komweko dzulo lake. Kumeneko adzamupatsa mlingo wogwirizana ndi kulemera kwake, zomwe wogulitsa pagolosale sangadziwe.

Funso: Ndine bambo wa zaka 46. Ndikamva kutentha pokodza ndimagula Bactrim, ndipo kale ndinkapeza bwino pakangopita masiku awiri, koma tsopano sindikuona kusintha. Anzanga akuti thupi langa lawazolowera mankhwalawa ndipo ndiyambe kumwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi. Nditani?
Bambo wa ku Mchinji

Yankho: Bambo, musawonjezere mapiritsi, chifukwa Bactrim wochuluka akhoza kuwononga impso, kuchepetsa magazi ndiponso kusupula khungu, koma osapha mabakiteriya amene akukuvutitsaniwo. Thupi lanu silinasinthe. Amene asintha ndi mabakiteriya, ndipo m'Malawi muno ambiri mwa mabakiteriya a E. coli, omwe kawirikawiri ndiwo amayambitsa matenda a m'njira ya mkodzo, samvanso Bactrim. Ngakhale munthu amene sanamwepo Bactrim chibadwire akhoza kutenga mabakiteriya oterewa kwa ena, mankhwalawa n'kumukanika chimodzimodzi.

Pa msinkhu wanu mukukumbukira bwino zomwe zinachitikira chloroquine. Anali mankhwala odalirika a malungo, koma tizilombo ta malungo tinayamba kumupirira mpaka mu 1993 dziko lino linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito Fansidar, yemwenso anafooka ndipo mu 2007 analowedwa m'malo ndi LA. Chochititsa chidwi n'chakuti chloroquine atasiyidwa kwa zaka zoposa khumi, kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2006 anapeza kuti mankhwalawa ayambanso kupha tizilombo ta malungo. Sitingayembekezere kuti mankhwala onse adzabwezeretsa mphamvu chotere, koma nkhaniyi ikusonyeza kuti kuchuluka kwa mankhwala amene anthu akumwa ndiko kumapatsa mpata tizilombo topirira kuti tifale.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu n'chakuti vutoli likubwerezabwereza, koma palibe amene anafufuzapo gwero lake. Kwa mwamuna, kutentha pokodza kungachokere ku chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana, ku likodzo, ku matenda a shuga, kapena ku kutupa kwa prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) komwe kumachititsa mkodzo kutsalira m'chikhodzodzo. Lililonse mwa mavutowa lili ndi chithandizo chake, ndipo Bactrim sathetsa ngakhale limodzi. Pitani kuchipatala, mufotokoze mankhwala onse amene mwamwa popanda kubisa, ndipo mupemphe kuti ayeze mkodzo ndi shuga. M'zipatala zikuluzikulu amatha kumeretsa mabakiteriya a mumkodzo mu labotale kuti aone mankhwala amene angawaphe. Akapeza matenda opatsirana pogonana, amene mumagona nawo alandirenso chithandizo, apo ayi mudzangopatsirananso. Mankhwala amene akupatseni muwamwe masiku onse amene akuuzani, osasiyira panjira mukayamba kupeza bwino, osasungako ena, ndiponso osagawirako mnzanu.

Funso: Ndimamwa ma ARV pamodzi ndi Bactrim tsiku lililonse. Popeza mukuti kumwa mankhwalawa pafupipafupi kumalimbitsa mabakiteriya, kodi ndisiye? Nanga ana anga ndiwateteze bwanji?
Mayi wa ku Mzuzu

Yankho: Mayi, musasiye. Bactrim wanuyo munalemberedwa ndi achipatala pa chifukwa chomveka, ndipo amakutetezani ku mtundu wina wa chibayo, ku malungo ndi ku matenda ena amene amapezerapo mwayi chitetezo cha m'thupi chikatsika. Ma ARV nawonso musamadumphitse, pakuti kachilombo ka HIV kamayamba kupirira mankhwala munthu akamamwa mwa apo ndi apo.

Kunena za ana, matenda amene apewedwa safuna mankhwala, choncho yang'anani m'buku lawo la kusikelo ngati analandira katemera yense. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa mu 2011, wa matenda otsegula m'mimba a rotavirus mu 2012, ndipo wa taifodi mu 2023. Wa taifodiyu ndi wofunika kwambiri chifukwa kuyambira cha m'ma 2011 ku Blantyre kunafala taifodi amene samva amoxicillin, chloramphenicol ndi Bactrim, ndipo atamuyesa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, katemerayu anachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthiramo klorini, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi komanso asanadye. Ngati mumaweta nkhuku, musamazithirire makapisozi m'madzi popanda malangizo a alangizi a ziweto, chifukwa mabakiteriya opirira mankhwala amene amaswana m'khola amafika kwa ana kudzera m'zitosi zimene zili pabwalo pomwe amasewera.