Mwanayo musamuletse, masika ano ndiye nthawi yake

Achemwali amene mwafunsa kuti mwana wanu wayamba kukonda kujambula abuluzi ndi achule pafoni, nde mukufuna kudziwa ngati angazipezebe kuseri kwa nyumba kwanu ku Chilomoni poti mvula ikutha, komanso mwati mukuopa njoka, ndiloleni ndikuyankheni motalikirako chifukwa ine zimenezi ndimapanga pakhomo panga ku Chimwankhunda kuno pafupifupi tsiku ndi tsiku.

Mwanayo musamugwetse ulesi. Anthu amaganiza kuti achule ndi a Disembala basi poti ndi nthawi imene amasokosa usiku onse, koma kwa ojambula masika ano, kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndiye bho kwambiri. Nthaka idakali ndi chinyontho, ziwala ndi tizilombo tili mbwee, mbululu za mu Januwale zija pano zasanduka tiachule tating'ono ngati chala chakumapeto tikungodumpha mu udzu, komanso mmawa kwayamba kuzizira. Kuzizirako ndiye mwayi wanu. Buluzi thupi lake silidzitenthetsa lokha ngati ife, amadalira dzuwa, nde cha mma 7 mpaka 9 koloko mumupeza ali phee pa njerwa akuwothera, olo mufike pafupi amangokuyang'anani. Mukapita 12 koloko watentha kale ameneyo, mungojambula mchira. Ikafika June chiperoni chayamba zambiri zimabisala, nde musachedwe.

Malo ake si a patali ayi. Yambirani kuseri kwa bafa pamene madzi amatsikira, pansi pa nthochi, pa mulu wa njerwa zotsala, kudzala, mu mpanda wa maluwa. Vuto lathu ife timasesa pabwalo mpaka pamawala, udzu onse kulambula, nde tinyama timeneti tikhala pati? Ine ndinasiya kakona kamodzi kumpanda, masamba a mango ndi chipika chowola zili pomwepo, sindisesapo, ndipo zithunzi zanga zambiri zimachokera pamenepo. Usiku imani pansi pa getsi la panja, analimata amakhala pakhoma kudikira agulugufe ndi udzudzu, pansi pake chule wamkulu wa zitupsya uja amabwera malo omwewo usiku uliwonse ngati walembedwa ganyu. Ameneyo ndi oyambira mwana wanu chifukwa sathawa msanga.

Gulo yekha ndi ovuta, mukamuyandikira amazungulira kuseri kwa mtengo, inu mukazungulira iyenso azungulira. Apa pamafunika anthu awiri, inu muime mbali ina mwana akhale chete ndi foni mbali inayo, gulo pothawa inu adzipereka yekha kwa mwana. Mutu wabuluu uja umawala kwambiri nyengo yotentha pamene amphongo akufuna zazikazi, pano umazilala pang'ono, musadabwe.

Koma amene ndimafuna ndikambe kwambiri ndi bilimankhwe, ena amati nanzikambe. Ndikudziwa ambiri tinakula tikumuopa, kumugenda, kumuthira fodya mkamwa, zimandiwawa ndikakumbuka. Alibe poizoni ameneyu. Akatsegula kukamwa nkumapemerera, thupi nkuda, ndi mantha chabe, akuti ndisiyeni. Masana kumupeza ndi kovuta poti amafanana ndi masamba, koma usiku tengani tochi muunike kunsonga kwa tinthambi, amagona atapinda mchira ndipo akagona thupi limayera mbuu, amaoneka patali ngati tsamba lofota. Ndinazidziwa mochedwa zimenezi, zaka zonsezi ndimadutsa pa mpanda omwewo osadziwa kuti pamagona atatu.

Ndipo miyezi ino ndi imene aakazi amatsika pansi kukaikira mazira, nchifukwa chake mumawaona akudutsa msewu mwapang'onopang'ono mimba ili tuu. Chaka chatha mu Epulo ndinapeza mmodzi pafupi ndi phando la maungu akukumba. Ndinakhala pa ndowa chapatali mpaka miyendo kuchita dzanzi, iye akungopalasa dothi ndi timanja take tija, kamodzi kamodzi, mutu uli mdzenje, khungu lonse lada ndi dothi lofiira. Kunada ndisanaone mapeto. Mmawa ndinapeza wakwirira bwinobwino ali pa nthambi ya pichesi, atafwapa, nthiti zikuoneka. Ndinazika kamtengo pamalopo kuti khasu lisadutsepo chifukwa mazira amenewa amakhala munthaka miyezi 9 kapena kupitirira, ana amatuluka mvula yotsatira. Chithunzi cha tsiku limenelo sichooneka bwino kwenikweni, kunali kamdima, koma ndi chimene ndimachikonda kuposa zonse. Mumuuzenso mwanayo kuti ku phiri la Mulanje kuli mtundu wa nanzikambe umene supezeka kwina kulikonse padziko, ndipo akatswiri anaupatsa dzina loti Nadzikambia mlanjensis, kuchokera ku Chichewa chathu chomwechi. Ana amanyadira akamva zimenezo.

Za kajambulidwe, foni iliyonse ya Tecno kapena Itel ikwana, nkhani ndi kagwiridwe. Asajambule ataimirira, zimatuluka ngati chingwe chagwa pansi. Agwade kapena agone chafufumimba kuti kamera ikhale mulingo umodzi ndi diso la kanyamako, adine pa skirini pamene pali disolo kuti fokasi igwire pamenepo, diso likaoneka bwino chithunzi chatheka olo mchira usaoneke. Aziyandikira pang'onopang'ono, kujambula, kusendera, kujambulanso, ndipo chithunzithunzi chake chisagwere pa buluziyo poti amayesa kabawi nkuthawa. Usiku flash ya foni imawalitsa khungu la chule mpaka osaoneka mawanga, bola wina agwire tochi chammbali, mukaphimba ndi kapepala koyera kuwala kumafewa. Jambulani pang'ono muzimitse, maso awo nawonso amatopa.

Osazigwira. Chule amamwa madzi ndi kupumira pakhungu, nde manja a sopo, mafuta odzola kapena Doom amamupweteka. Buluzi mukamugwira amadula mchira, umameranso inde koma zimamudyera mphamvu zimene amafunika kusunga polowa nyengo yozizira. Finye uja otupa ngati mpira mukamupeza pokumba mbatata, mjambuleni mumubwezere dothi lake.

Tsopano njoka, apa mantha anu ndi oona ndipo sindikuchepetsani. Blantyre njoka ziliko, makamaka inu amene mwayandikana ndi Michiru. Nthawi yokolola ino mbewa zimachuluka mmapesi nde njoka zimatsatira. Mphiri ndi imene ndimaiopa kwambiri chifukwa siithawa, imangogona mmasamba ouma kudalira mawanga ake, munthu umaiponda osaiona. Mamba yolavula ija imatha kuponya malovu mamita awiri kapena kuposa ndipo imalunjika mmaso. Nalikukuti amangooneka ngati kanthambi kouma mumpanda koma ululu wake ndi oopsa. Nde lamulo kwa mwana likhale limodzi losakambirana, akaona njoka abwerere mmbuyo akuitaneni, kujambula ndi kwa zoom muli patali, ngati pali mpata. Azivala nsapato zotseka osati patapata, usiku tochi iziyamba yaunika pansi asanaponde, dzanja lisalowe kuuna kapena pansi pa lata. Mwala kapena lata muzitukula inu akuluakulu ndi khasu, mbali yakutali ndiyo izitseguka kuti chotuluka chithawire uko, mukatha bwezerani mmene zinalili poti imeneyo ndi nyumba ya wina. Zitavuta munthu walumidwa, osamanga chingwe, osatema mphini, osayamwa, mwendo usagwedezeke thamangirani ku Queens kapena chipatala chapafupi. Malovu akalowa mmaso tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali kenako kuchipatala komweko.

Komanso si njoka iliyonse yoopsa, zina zabulauni za mnyumba zija zimangotithandiza makoswe, kanthongo kakang'ono konga nyongolotsi kaja sikaluma nkomwe, koma kusiyanitsa musamusiyire mwana.

Mayina akakusowani pali app ya iNaturalist, ndi yaulere, mumaika chithunzi ndi malo nde anthu odziwa amakuuzani mtundu wake, bundle yochepa imakwana. Mwanayo mugulireni kakope azilemba tsiku, nthawi ndi pamene wachipeza. Loweruka lino mudzuke naye 7 koloko mukakhale pafupi ndi njerwa zija mphindi 20 osayankhula, zimene mujambule muponye mugulu muno tithandizane kutchula mayina.