Musachichotse pakhoma chithunzicho

Achemwali, mwafunsa ngati muchotse pakhoma chithunzi chanu cha mngelo woponda munthu wamdima. Musachichotse! Amene wakuuzani kuti munthu wamdima ali pansi pa mngeloyo akuitana ziwanda sanachiyang'ane n'komwe. Woimirirayo ndi Mikayeli, wapondedwa kumutuyo ndi Satana, wagonja kale. Tawerengani Chivumbulutso 12:7-9. Ngati n'chija chofala, cha lupanga ndi unyolo ndi nsalu yofiira ikuuluzika, anachijambula Guido Reni, wojambula wa ku Italy, m'zaka za m'ma 1630, ndipo chenichenicho chili m'tchalitchi ku Rome. M'tchalitchitu!

Changa chinali cha malemu amayi. Mwana atadwala tinaitana bambo wina wamapemphero. Kungolowa, mwanayo asanamukhudze n'komwe, maso pakhoma. Akuti ichi ndiye chikudya mwana. Anachithothola yekha, galasi phwaa pansi, n'kutuluka nacho panja kukachiyatsa. Ine ndili chiimire, mwana ali m'manja thupi lili moto, kukamwa kwauma, achibale onse akuvomereza ameni. Kuseri kwa chithunzicho amayi analembako mayina athu tonse ndi dzanja lawo. Ndinaona pepalalo likufwanyika ndi moto, dzina langa, kenako la mlongo wanga. Mwana anachira ndi mankhwala akuchipatala, koma bamboyo mpaka lero amadzitama kuti anathyola goli. Munthu wosasiyanitsa woponda ndi wopondedwa! Ndikamuona mtima umachita kuwira.

Ojambula akale sankaika chinthu mwangozi, mngelo mumamudziwa ndi chimene wanyamula. Duwa loyera la kakombo ndi Gabiriyeli akulonjera Mariya. Nsomba ndi kamnyamata pambali, ameneyo ndi Rafaeli ndi Tobiyasi a m'buku la Tobiti. Sikelo ndi Mikayeli yemweyo, akuyeza mizimu tsiku lachiweruzo. Amapiko 6 aja, amene kawirikawiri amawapaka zofiira, ndi aserafi a pa Yesaya 6. Ndipo si mngelo aliyense m'Baibulo ali ndi mapiko. Alendo a Abrahamu pa Genesis 18 anafika ngati anthu wamba, mpaka anadya.

Komabe ngati chikukusowetsani tulo, chichotseni pabalaza muchiike kuchipinda kumene alendo safika, chifukwa anthu muwakanika. Musafunsenso anthu ambiri, aliyense aonapo zimene amaziopa. Mukafuna, aonetseni abusa kapena ansembe amene anaphunzirako mbiri ya mpingo, koma pafoni pokha. Chenichenicho osawapatsa m'manja.