Zilembo 240,000 ndi mamega angati?

Bambo wina wa ku Ulongwe, mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata, wanditumizira imelo. Akuti walemba pa kompyuta mbiri ya kalabu yawo ndi malipoti a misonkhano, mwina m'Chichewa mwina m'Chipwitikizi, ndipo Word ikumuuza kuti zilembo zonse zakwana 240,000. Akufuna kudziwa kuti zimenezi ndi mamega angati, chifukwa akuopa kuti akamatumizira anzawo a ku Tsangano, mamega a mufoni athera panjira.

Bambo, mtima pansi. Zolemba zanuzo sizikufika ngakhale pa kota ya mega imodzi.

Kompyuta imasunga zinthu m'mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8 (biti ndi 0 kapena 1). Chilembo wamba, monga a, m kapena z, chimatenga bayiti imodzi. Manambala, mipumiro ndi mipata ya pakati pa mawu nazonso zimatenga imodziimodzi, choncho mu Word muziyang'ana nambala yomwe yawerengera ndi mipata yomwe. Ndiye zilembo 240,000 ndi mabayiti 240,000. Mukagawa ndi 1,000 mupeza makilobayiti 240, mukagawanso ndi 1,000 mupeza 0.24 ya mega.

Mukasunga fayiloyo ngati mawu okhaokha, Windows ikuwonetsani 234 kapena 235, osati 240. Palibe chomwe chasowa. Windows imagawa ndi 1,024, pomwe opanga mafulashi amagawa ndi 1,000. N'chifukwa chake fulashi yolembedwa 8 GB mukayilowetsa m'kompyuta imaoneka ngati ili ndi 7.4 basi, anthu n'kuyamba kukalipira wogulitsa pamsika kuti wawabera. Mu 1998 bungwe loona za miyezo la IEC linakhazikitsa mayina ena a muyezo wa 1,024, monga kibibyte, koma sindinamvepo munthu akuwatchula pocheza.

Pomwe pali kankhani ndi pa zilembo zathu zokhala ndi tizizindikiro pamwamba. Kalembedwe koyambirira ka ASCII kosungira zilembo m'kompyuta, ka mu 1963, kanali ndi malo 128 okha, ndipo ã, ç, ó ngakhale ŵ sizinalimo. Lero intaneti yambiri imayendera njira ina yosungira zilembo yotchedwa UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992. Mu UTF-8 zilembo wamba zija zimatengabe bayiti imodzi, koma za tizizindikirozi zimatenga awiri. Tengani dzina la Zóbuè: zilembo ndi 5, mabayiti ndi 7. Angónia ndi zilembo 7, mabayiti 8. Malaŵi mukalemba ndi ŵ ndi zilembo 6, mabayiti 7. Kankhope koseka kaja timaika pa WhatsApp kamadya mabayiti 4 pakokha.

Komabe tiyerekeze kuti m'malipoti anu muli zilembo zotere 3,000. Zingowonjezera mabayiti 3,000, fayilo n'kufika pa makilobayiti 243. Musavutike n'kuzichotsa, lembani Chipwitikizi chanu molongosoka.

Fayilo ya Word yokha siyitsata masamuwa ndendende. Imasunganso mtundu wa zilembo, matebulo ndi zina, kenako n'kupanikiza zonse pamodzi, moti chikalata cha mizere iwiri chimatha kulemera makilobayiti angapo pomwe chachitali ngati chanucho chingapepuke kuposa 240. Njira yachidule ndi kungodina kumanja pa fayiloyo n'kuwona kukula kwake.

Chomwe chingakumalizireni mamega ndi zithunzi. Chithunzi chimodzi cha mamega atatu, chojambula pafoni tsiku lokolola, chikulemera ngati mbiri yanu yonseyo kuchulukitsa ka 12. Ndiye ngati mwalowetsa zithunzi za m'munda m'chikalatacho, kawerengedwe ka zilembo kaja kalibenso ntchito. Choipa kwambiri ndi chija ambiri amachita, kusindikiza lipoti papepala kenako n'kumajambula tsamba lililonse kuti atumize. Kumeneko ndi kutaya mametikali dala. Tumizani fayilo yeniyeniyo.

Pa SMS pokha ndi pomwe chilembo chimodzi chingakulipitseni. Uthenga umodzi umanyamula mabayiti 140. Popeza SMS imapatsa chilembo mabiti 7 okha, mumalowa zilembo 160. Koma mndandanda wa zilembo za SMS wamba ulibe ã, ó, ê kapena ŵ, ngakhale é ndi è zilimo. Mukangoikapo chimodzi mwa zosowazo, mafoni ambiri amasintha uthenga wonse kuti chilembo chilichonse chizitenga mabayiti awiri, malire n'kutsika kufika pa 70. Uthenga woitanira anthu kumsonkhano wa zilembo 150, womwe ukanapita ngati umodzi, umaduka patatu chifukwa cha ó wa mu Angónia, pakuti uthenga wolumikiza umanyamula zilembo 67 pa chidutswa chilichonse. Ngati mukuitana mamembala 40, mulipira mauthenga 120 m'malo mwa 40. Apa ndiye lembani Angonia opanda kachizindikiro, ndipo muziyang'ana kanambala kamene foni imaonetsa pakona polemba uthenga musanatumize.