Leaf yanu ikafika ku Marondera, koma musathamange

Mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, anditumizira imelo. Anagula galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yakale yochokera ku Japan, ya batire ya 24 kWh (muyeso wa moto umene batire imasunga), ndipo akufunsa kuti atani kuti iziyenda mtunda wautali, poti amafuna kumakaona makolo ku Marondera.

Mayi, yambani mwawerenga timizere tating'ono ta pa dashibodi tosonyeza thanzi la batire. Ikakhala yatsopano timakhala 12, ndipo koyamba kamazima batire ikakalamba n'kumangosunga pafupifupi 85 peresenti ya moto umene inkasunga ili yatsopano. Leaf ya 2011 ili yatsopano inkayenda makilomita 117 pa muyeso wa ku America. Yanu yakalambako. Marondera ali pa makilomita oposa 70 kuchokera ku Harare, choncho kupita ndi kubwera osatchaja musayembekezere. Kufika kokha n'kotheka.

Chimene chimadya moto kwambiri ndi liwiro, ndipo apa ndikupemphani mundimvetse. Galimoto ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo mphepoyo siwonjezeka pang'onopang'ono ayi. Mukachoka pa 80 n'kufika pa 120, mphamvu yake yokukankhirani m'mbuyo imaposa kawiri. N'chifukwa chake galimotoyi imasunga moto m'tauni, pakati pa Mbare ndi Avondale, koma mukangopitirira Ruwa mumsewu wa ku Mutare manambala a makilomita otsala amayamba kutsika mochititsa mantha. Yendani pa 80, khalani kumanzere, makombi akudutseni. Mudzachedwa ndi mphindi zochepa chabe.

Yatsani Eco, yopulumutsa moto, ndipo ngati giya yanu ili ndi B, yobwezera moto wambiri m'batire, igwiritseni ntchito potsetsereka. Mukachotsa phazi msanga poyandikira maroboti, mota imabwezera moto m'batire m'malo moutaya pa mabuleki. Matayala azikhala ndi mpweya wokwanira monga zalembedwera pachitseko, ndipo katundu wosafunika atsike m'buti.

M'mawa wozizira wa June ndi July, hita ndi imene imameza moto kuposa AC. Tenthetsani m'katimo galimoto ikadali pa pulagi, muvale juzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi dzuwa la October. Batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa, ndiye kutentha kumaikalambitsa msanga, makamaka ikamakhalitsa padzuwa ili yodzaza. Imikani pamthunzi. Masiku wamba lekezerani pa 80 peresenti, 100 muzidzaza usiku woti mawa lake muli ndi ulendo.

Musananyamuke, imbirani makolo muwafunse ngati magetsi alipo, ndiponso ngati soketi yawo ndi yolimba. Batire yotha imafuna usiku wonse pa soketi ya m'nyumba, choncho nyamulani chingwe chanu ndipo mukonzekere kukagona komweko.