Kodi maofesi a inshuwalansi oima paokha anayamba bwanji m'matauni ang'onoang'ono a ku America?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wapeza ntchito pa kaofesi ka inshuwalansi m'katauni kena ku America, ofesi ya banja limodzi yomwe anayambitsa ndi agogo, kenako n'kusiyira mwana, pano ikuyendetsedwa ndi mdzukulu. Chawadabwitsa n'chakuti ofesiyo si nthambi ya kampani iliyonse, koma imagulitsa inshuwalansi ya makampani angapo. Ndiye akufunsa kuti: "Bizinesi yotereyi inayamba bwanji, nanga ntchito ya mwana wangayu ili ndi tsogolo masiku ano pamene anthu akugula inshuwalansi pa foni?"

Zikomo mayi. Gwero la nkhaniyi ndi moto.

Makampani oyambirira a ku America, monga Philadelphia Contributionship yomwe Benjamin Franklin anathandiza kukhazikitsa mu 1752, ankateteza nyumba za mumzinda wawo womwewo, zimene akanatha kupita kukaziona ndi maso. Zinkaoneka zanzeru, koma ngozi inali pomwepo. Mu December 1835 moto unapsereza chigawo cha malonda cha mzinda wa New York, ndipo makampani ambiri a mumzindawo anagwa chifukwa makasitomala awo onse anadzafuna chipukuta misozi nthawi imodzi. Makampani a mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut, omwe makasitomala awo anali omwazikana m'madera ambiri, analipira n'kupulumuka. Moto wa ku Chicago mu 1871 unagwetsanso ena ambiri. Aliyense anaona kuti kampani iyenera kufalikira kutali.

Koma munthu wokhala mu ofesi ku Hartford angadziwe bwanji ngati chigayo cha m'katauni ka ku Ohio chili chamatabwa kapena cha njerwa, ngati mwini wake ali wosamala kapena ali m'ngongole zoti angachiyatse yekha? Pankafunika munthu wa komweko. Insurance Company of North America inali itayamba kale njirayi mu 1807 posankha ejenti ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, ndipo ena anatsatira. Ma ejenti oyambawo nthawi zambiri anali loya, wa ku banki kapena mwini sitolo, amene ankachita za inshuwalansi ngati ntchito yapambali n'kumalandira komishoni. Popeza kampani imodzi sinkafuna kusenza nyumba zonse za mumsewu umodzi, ejentiyo ankagwira ntchito ndi makampani angapo n'kumagawa. Kuima payekha kunayambira pamenepo.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Chuma cha ofesi yotere si nyumba kapena mipando. Ndi kaundula: mayina a makasitomala, zimene anateteza, ndi tsiku limene inshuwalansi ya aliyense ikutha. Amene akudziwa tsikulo ndi amene amayamba kufika pakhomo kukaikonzanso. Nanga kaundulayo ndi wa yani, wa ejenti amene anayenda n'kupeza anthuwo, kapena wa kampani? Ma ejenti anapanga bungwe lawo mu 1896, lomwe lero limatchedwa Independent Insurance Agents & Brokers of America. Ndipo mu 1904, pa mlandu wa nkhani yomweyi wochokera mumzinda wa Yonkers, khoti la ku New York linagamula mokomera ejenti. Kuyambira pamenepo zinakhazikika kuti kaundula ndi wa ejenti: angathe kusamutsira makasitomala ake ku kampani ina, angathe kumugulitsa, angathe kumusiyira ana. N'chifukwa chake ofesi ya abwana a mwana wanuyo yafika kwa mdzukulu. Ine ndimaona kuti chigamulocho chinali cholungama, chifukwa amene anthu anamukhulupirira ndi munthu wodziwana naye uja, osati kampani yakutali.

Mpikisano unabwera ndi galimoto. Kampani ya inshuwalansi ya magalimoto ya State Farm inayamba mu 1922, ya Allstate mu 1931, ya GEICO mu 1936. Ena ankagwiritsa ntchito ma ejenti ogulitsa za kampani imodzi yokha, ena ankagulitsa mwachindunji popanda ejenti, ndipo anatenga gawo lalikulu la inshuwalansi ya magalimoto. Intaneti yangowonjezera liwiro.

Komabe inshuwalansi ya mabizinesi, yambiri ikudutsabe m'manja mwa ma ejenti ndi mabuloka (ofunira kasitomala inshuwalansi ku makampani osiyanasiyana) oima paokha. Mlimi wokhala ndi nkhokwe, mathirakitala, ziweto ndi antchito sangangodina pa foni n'kupeza chomuyenera. Amafuna munthu woti afike pamalopo, aone, afunse makampani angapo, komanso adzamuimirire tsiku limene kampani ikuzengereza kulipira. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china: maofesi ambiri a mabanja akugulidwa ndi makampani akuluakulu a mabuloka pamene eni ake akalamba popanda wowalowa m'malo. Dzina limatsala pachitseko, koma zigamulo zimachokera kutali.

Choncho mwana wanuyo mumuuze kuti asakhalire kuyankha mafoni kokha. Alembe mayeso atenge laisensi ya chigawo chimene akukhalacho, popeza ku America chigawo chilichonse chimapereka yake. Aphunzire kwambiri za mabizinesi ndi mafamu. Ndipo akayamba kubweretsa makasitomala akeake, afunse abwana mwaulemu, zilembedwe papepala, kuti pa kaundula ameneyo gawo lake ndi lotani.