Funsani Amisiri: Zida za m'chipala tizigulitse bwanji?

Amuna anga anali wosula ndipo anatisiya chaka chatha. M'chipala mwawo muli chosulirapo chachikulu, vaisi ya mwendo yopanira zitsulo, nyundo, mbaniro zambiri, matupa ndi chopemerera moto chopukusa ndi dzanja. Anyamata ogula sikirapu akubwerabwera ndi wilibala, akuti ayeze zonse pa sikelo andilipire pa kilo. Kodi ndivomere? M'mbali mwa chosulirapocho mwalembedwa 1 1 8.
*Mayi wa ku Chawama*

Pepani ndi zovutazo, mayi. Musavomere. Wa sikirapu amalipira kulemera kwa chitsulo basi, poti zimene amagulazo zimakasungunulidwa. Wochenjera akaona chosulirapo chabwino sachipititsa n'komwe kosungunula, amakachigulitsa kwa amisiri a ku Kalingalinga kapena ku Garden pamtengo umene ukanakhala wanu.

Musanatulutse ngakhale nyundo imodzi, longosolani za chuma cha masiye. Ngati malemu sanasiye wilo, lamulo la muno mu Zambia la Intestate Succession Act la 1989 limagawa chuma motere: ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo amene ankadalira malemuwo 10. Woyenera kugulitsa ndi amene khoti linam'patsa kalata yoyang'anira chumacho. Ngati ndinu, sungani kalatayo pafupi. Ngati ndi alamu anu, asayine nawo pa lisiti, kuti mawa pasadzabuke mlandu woti munagulitsa mobisa.

Manambala mwaonawo ndi kulemera kwa chosulirapocho m'kawerengedwe kakale ka ku England. Nambala yoyamba iliyonse ndi makilogalamu 50.8, yachiwiri ndi 12.7, yachitatu ndi mapaundi, ndipo paundi imodzi ndi pafupifupi 0.45 ya kilo. Ndiye 1 1 8 ndi 50.8 kuphatikiza 12.7 kuphatikiza 3.6, zonse pamodzi makilogalamu 67. Pakani choko m'mbali momwemo, mwina pangaoneke dzina la amene anachipanga. Mukaona Peter Wright kapena Brooks, lilembeni polengeza malonda, osula amawadziwa mayina amenewa.

Dzina lokha siligulitsa. Wogula wodziwa adzafuna kuchiyesa, choncho yambani mwachiyesa nokha, kapena muitane mmisiri amene ankagwira ntchito ndi malemu. Pukutani pamwamba pake ndi bulashi ya waya, dzimbiri ndi mafuta zichoke. Pezani kampira ka chitsulo kochokera mu bering'i yaikulu, imikani rula, kagwetseni kuchokera pa masentimita 25 osakaponya. Kakadumpha kufika pa 18 kapena 20, pamwambapo ndi polimba bwino. Kakalephera kufika pa 12, pali ziwiri: mwina chonsecho ndi cast iron, imene imatibuka ndi kubenthuka ikamenyedwa, kapena chinapsapo pamoto waukulu n'kufewa. Yesani pakati, pafupi ndi nyanga ndi kumbuyo komwe kuli mabowo awiri aja, lamakona ndi lozungulira.

Kenako chimasuleni pachitsa n'kuchigogoda pang'onopang'ono ndi nyundo yaing'ono, kuyambira uku mpaka uko. Zosulirapo zambiri zakale zili ndi chitsulo cholimba chopyapyala, cha sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, chimene anachiphatika pamwamba pa thupi lofewa. Pamene chagwirana bwino pamalira ngwee. Pamene chayamba kulekana pamamveka phwa, ndipo pamenepo padzasweka. Wogula muuzeni, adzapamva ndithu.

Chimene chimawononga mtengo kawirikawiri ndi kufuna kukongoletsa. Wina adzakuuzani kuti apitepo ndi girayinda kuti pawale, kapena adzaze m'mphepete mobenthuka ndi ndodo zowotcherera. Kanani. Girayinda imadya chitsulo cholimba chija, chimene sichibwerera. Ndodo wamba za 6013, zija amawotcherera mageti, zimasiya chitsulo chofewa, ndipo kutentha kwake kumafewetsa kapena kung'alula malo oyandikana nawo. Penti nayonso ayi, chifukwa wosula akaona penti yatsopano amaganiza kuti mukubisa mng'alu. Bulashi ya waya ndi kansalu ka oyilo zakwana.

Za mtengo, funsani m'masitolo a zida kuti chatsopano cholemera chimodzimodzi chikugulitsidwa zingati. Chanu chikapambana mayeso aja, yambirani pa magawo awiri mwa atatu a mtengowo, ndipo musafulumire kutsika kupitirira theka. Chitsulo chotere sichiwola, chikhoza kudikira wogula miyezi ingapo.

Vaisi ya mwendo moyo wake uli pa mazinga a chitsulo chopukusa chija. Tsegulani mpaka kumapeto, tsukani ndi palafini, muone ngati mazingawo sanadyeke, kenako panani chitsulo mwamphamvu. Ikamaterereka ndiye kuti mazinga a m'kati atha, ndipo mtengo utsike kwambiri. Chopemerera moto chikhale chopukusika mosalimba, chizipitiriza kuzungulira mukachisiya. Chosulirapo, vaisi ndi chopemerera gulitsani chilichonse pachokha. Nyundo ndi mbaniro mangani m'magulu a zisanu kapena khumi. Matupa otha mano musataye, opanga mipeni amawagula chifukwa ambiri akale ndi chitsulo chimene chimalimba bwino chikaviikidwa mu oyilo.

Ndakhala ndikupanga mipeni ya m'butchala ndi ya kukhitchini kuchokera ku masipuling'i a motoka, koma ndikusamukira ku Chipata. Ndili ndi makina onolera a lamba, makina obowolera ndi owotcherera a inverter. Anthu pa Facebook amangofunsa mtengo womaliza n'kusowa. Ndikulakwitsa pati?
*Bambo wa ku Mtendere*

Bambo, tikuganiza kuti chithunzi chanu chikungoonetsa makina ali chiimire. Wogula makina akale amaopa chinthu chimodzi, kuti akafika nawo kwawo sakalira. Muchotsereni mantha amenewo asanafunse.

Jambulani kachitsulo kolembedwa kamene kali pa mota, malemba ake awerengeke. Pamenepo pali ma kW, liwiro, mavoti ndi mafezi. Magetsi a ZESCO a m'nyumba ndi 230V, 50Hz, fezi imodzi. Mota ya mafezi atatu singalire m'nyumba ya m'komboni pokhapokha pali VFD, kachipangizo kosandutsa magetsi a fezi imodzi kukhala a mafezi atatu, ndipo VFD yolandira 230V imayendetsa bwino mota yolembedwa 230/400V imene yalumikizidwa mawaya m'njira yotchedwa delta. Ngati muli nayo VFD, igulitseni pamodzi ndi makinawo, mukazilekanitsa zonse ziwiri zitsika mtengo. Mota yochokera ku America yolembedwa 110V, 60Hz imafuna thiransifoma ndipo kuno imazungulira mochedwerako. Nenani zimenezi poyera. Lembaninso ngati ndi ya 1,400 kapena 2,800 rpm (kuzungulira kwake pa mphindi), ndi muyeso wa lamba. Wa mainchesi 2 kwa 72 ndiye amaufuna kwambiri opanga mipeni, koma wogula adzafunsa kumene mumagula malambawo muno mu Lusaka, ndiye yankho likhale lokonzeka.

Musanaitane munthu, chotsani lamba n'kuzungulitsa gudumu lililonse ndi dzanja. Likamakhwekhwereza kapena kugwedera, bering'i yatha. Nambala yake yalembedwa m'mbali mwake, ndipo kuisintha n'kotchipa poyerekeza ndi ndalama imene wogula angakudulireni akamva phokosolo. Mota ikamangong'ung'udza osayamba mpaka mutaikankha, kawirikawiri ndi kapasita, nayonso sinthani. Onani chitsulo chafulati chimene chili kumbuyo kwa lamba. Chikakumbika mzere pakati, mpeni sutuluka wowongoka, ndipo wodziwa ntchito adzaikapo rula kuti aone. Bwezerani lamba, yatsani kwa mphindi 10. Lamba asathawire kumbali, ndipo pa mabering'i pakhale poti dzanja likhoza kugwira.

Makina obowolera mangani kachitsulo kowongoka m'kamwa mwake, tsitsani mpaka pansi, gwedezani ndi dzanja. Kugwedera kulikonse kumatanthauza mabowo okula mopitirira, zimene zimavuta pobowola misomali ya chikumbu cha mpeni. Inverter yowotcherera ija iuzireni mpweya m'kati, poti fumbi la girayinda ndi lachitsulo ndipo ndi limene limapsereza mabodi. Kenako wotchererani ndodo zitatu za 3.2 mm motsatizana pa ma amp 110 mpaka 120. Ikazima yokha pandodo yachiwiri, onani fani.

Zonsezi jambulani pavidiyo yaifupi magetsi alipo. Kuzimazima kwa magetsi kwaphetsa malonda ambiri, munthu wachokera ku Matero wafika makina sangayatsidwe. Panganani ola loti kwanuko kuli magetsi. Malamba akale ndi madisiki musawaikire mtengo. Guluu wa polumikizira lamba amatha mphamvu akakhalitsa, ndiye perekani ngati mbasela. Madisiki odulira ali ndi deti pa kamkombero kachitsulo ka pakati, ndipo opitirira detiyo aphwanyeni, amasweka ali pa liwiro.

Ndili ndi masilinda awiri, la okosijeni ndi la asetilini, komanso chidutswa cha njanji chimene ndimasulirapo. Ndingazigulitse?
*Wowerenga wa ku Kanyama*

Achimwene, yang'anani pakhosi pa silinda. Masilinda ambiri a mipweya imeneyi ndi a kampani yodzaza gasi, mmisiri amangobwereka n'kumalipira. Ngati padindidwa dzina la kampani ndipo mulibe pepala losonyeza kuti munagula, abwezeni komweko. Zanu ndi ma regulator ochepetsa mphamvu ya gasi, mapaipi ndi tochi yowotcherera. Yesani polumikizira ndi madzi a sopo, ndipo oyilo kapena girisi asayandikire mbali ya okosijeni, zimayaka. Silinda la asetilini linyamulidwe choimirira. Lakale musalidule kuti mupange mbaula ngakhale likuoneka lopanda kanthu.

Njanji ndi nkhani ina. Ndi katundu wa kampani za sitima, ndipo kuba zitsulo za njanji ndi mlandu umene apolisi saunyozera. Popanda lisiti yosonyeza kumene munachipeza, musachilengeze.

Wogula akuti atenge katundu lero, ndalama adzamaliza kumapeto kwa mwezi. Ndi wa kutchalitchi kwathu.
*Bambo wa ku Garden*

Katundu achoke ndalama zitakwana, bambo. Ngati akufunadi, apereke gawo limodzi mwa magawo atatu, mulembe tsiku lomaliza, zida zikhale kwa inu. Akalipira pa Airtel Money kapena MTN, musakhulupirire uthenga umene wafika pafoni, lowani nokha muone ngati ndalama zawonjezekadi, chifukwa mauthenga abodza alipo. Lembani mapepala awiri ofanana okhala ndi dzina la chida, nambala ya makina, zolakwika zimene mwamuuza, mtengo, manambala a NRC a nonse awiri ndi mboni imodzi. Mulembenso kuti wayesa yekha ndipo wakhutira.

Gwirizanani za mayendedwe musanalandire ndalama, poti mkangano umayambira pamenepo. Chosulirapo cha makilogalamu 60 kapena kuposa chisanyamulidwe ndi munthu mmodzi. Pisani chitsulo m'bowo lamakona kapena chimangeni pamtengo wolimba, anthu awiri kapena atatu anyamule. M'galimoto chikhale pa tayala lakale, kutsogolo kwenikweni kwa bodi, chomangidwa ndi chingwe, chifukwa dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi chimatsetsereka n'kuphwanya chilichonse chili patsogolo pake. Makina obowolera amalemera kumutu, ndiye tsitsani tebulo lake, agonekeni pa matumba, ndipo chogwirira chake chiyang'ane kumwamba kuti chisapindike.